Swichi ija tayikonza, vuto linali waya wa earth

Abale, ndabweranso ndi nkhani ya pikapu yanga ya dizilo ija. Paja ndinafunsa chifukwa chake swichi yosinthira mphamvu ya injini, ya malo asanu ija, inasiya kumvera. Kaya ndiitembenuze pa 1 kaya pa 5, injini imakoka chimodzimodzi, ndipo pokwera chitunda cha Thabwa kupita ku Blantyre utsi wakuda umangoti tolo kumbuyo.

Ambiri munati swichiyo yapsa. Sinapse ayi. Amakanika ena a ku Nchalo anaichotsa n'kuiyeza ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi), ndipo malo alionse ankapereka resistance (mlingo wa kutchinga magetsi) yakeyake, monga mmene ziyenera kukhalira. Kompyuta ya injini imadziwa tune (kachunidwe ka mphamvu ya injini) yoti itenge powerenga voltage yochokera ku swichiyo, choncho waya ukaduka kapena earth (waya womangidwa ku chitsulo cha galimoto) ikafooka, imangokakamira pa tune imodzi.

Titatsatira waya wa earth pansi pa dashboard, tinapeza bawuti yake itadyeka ndi dzimbiri, matope ouma ali mbuu kuyambira nthawi ya madzi osefukira aja. Tinapala ndi sandpaper mpaka chitsulo chinawala, tinasintha bawuti n'kupaka girisi pang'ono. Tinayang'ananso pini ya ku pulagi ya kompyuta, inali bwinobwino.

Dzulo ndakwera Thabwa nditanyamula matumba a mapira, swichi ili pa tune yokokera katundu. Utsi wachepa kwambiri, ndipo singano ya kutentha sinasunthe ngakhale kunja dzuwa la kuno ku Chigwa linali likuswa mtengo. Zikomo nonse amene munandilangiza kuti ndiyambe ndayeza ndisanagule swichi ina.