Hilux ya 3L ikufuka utsi woyera ndipo yatha mphamvu chisinthireni hedi

LN106_Dedza:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndi Toyota Hilux LN106, injini ya dizilo ya 3L, 2.8 yopanda turbo. Inatentha mpaka hedi kung'aluka. Tinaikapo hedi ina yogwirapo kale ntchito koma yoyezedwa kuti sikuchucha, ma valve anapalidwa, gasiketi ndi yatsopano, lamba wa timing ndi tensioner yake n'zatsopanonso. Ma nozzle ndi akale omwewo. Pampu inachotsedwa kuti asinthe seal yakutsogolo. Mapistoni sanakhudzidwe.

Chitulukireni ku galaja, m'mawa imalira movutikira, sitata izungulire kaye kambirimbiri. Ikalira imanjenjemera n'kumafuka utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa, wolasa m'maso. Ikatentha utsi umachepa koma sutheratu. Mtunda wa Khwekhwelere womwe inkakwera pa giya yachitatu pano ikufuna yachiwiri. Madzi sakuchepa, oyilo sanasanduke mkaka. Wina akuti tiwonjezere mafuta pa pampu, wina akuti ma nozzle atha. Ndiyambire pati?

Fundi_wa_mapampu:

Achimwene, sikuluwu yowonjezera mafutayo musaikhudze, chonde. Utsi woyera wonunkha dizilo ukutanthauza kuti mafuta akulowa kale koma sakupsa. Mukawonjezera, otsalawo azitsuka oyilo m'makoma a masilinda, ndipo tsiku limene vuto lenileni lidzakonzedwe injini idzayamba kufuka wakuda n'kumatentha. Hedi ya injini zimenezi sipirira kutentha kawiri.

Galimoto inkayenda bwino ndi ma nozzle omwewo isanapasulidwe, ndiye funani vuto pamene padutsa manja. Mwanena kuti lamba wasinthidwa, pampu inachotsedwanso. Ine ndikukayikira timing, makamaka kuti mafuta akuchedwa kulowa.

Chotsani chivundikiro cha lamba. Zunguzani crank mbali imene injini imazungulira mpaka pistoni yoyamba ifike pamwamba. Pali zizindikiro zitatu: cha pa gudumu la crank, cha camshaft ndi cha pampu. Zonse zilunjikane ndi zinzake nthawi imodzi. Dalirani chizindikiro cha pa gudumu la mano la mkatimo, chifukwa pulley yakunja ili ndi labala pakati, ndipo ikakalamba mphete yake imatha kutsetsereka n'kumakunamizani. Cholakwika kawirikawiri ndi gudumu la pampu. Lamba akachoka, masipuling'i a m'kati mwa pampu amalikankha n'kudumpha pang'ono, woikayo osazindikira, lamba n'kukhala dzino limodzi kumbuyo. Injini imalirabe, koma ndendende momwe mwafotokozeramu. Mukakonza, lamba akhale wokungika kuchokera pa crank kudzera pa pampu mpaka pa camshaft, kukhwepa konse kutsalire mbali ya tensioner. Kenako zunguzani crank kawiri kathunthu n'kuyang'ananso zizindikiro.

Zizindikiro za lamba zikakhala bwino ntchito sinathe. Thupi la pampu limakhala pa mabowo ataliatali, ndiye litha kumangidwa lopendekeka. Pa khosi la pampu pali kamzere koyenera kukumana ndi kamzere ka pa chitsulo chomwe yamangidwapo. Kamzereko n'kongoyambira, muyeso weniweni ndi wa dial gauge. Kumbuyo kwa pampu, pakati pa mapaipi anayi aja, pali kabawuti. Kachotseni, mangani gauge pamenepo, bwezani crank m'mbuyo mpaka muvi usiye kutsika, ikani pa 0, kenako bwererani kutsogolo mpaka pistoni yoyamba pamwamba. Pa pampu yopanda chipangizo cha ACSD (chofulumizitsa timing injini ikakhala yozizira) muwerenge pakati pa 0.84 ndi 0.96 mm. Pa yomwe ili nacho, kachipangizo kolowa timapaipi tamadzi kambaliko, muyambe mwakamasula kuti kasakoke timing, ndipo muyeso wake ndi 0.54 mpaka 0.66 mm. Musanapendeketse pampu masulani manati a mapaipi onse anayi. Mukaipotoza mapaipi ali omanga amatsala okokeka, kenako amathetheka pa khosi.

Khutu limathandizanso. Timing yochedwa imachititsa injini kulira mofewa modabwitsa, utsi woyera, kutentha msanga pa mtunda. Yofulumira imagogoda ngati munthu akukhoma msomali.

Mai_Autoelectric:

Zomwe anena a Fundi n'zoona, koma musanafike pochotsa fani ndi zivundikiro, yesani kaye mpweya. Sizidya ndalama ndipo n'za mphindi makumi awiri.

Pa injini imeneyi pampu imachita kuyamwa dizilo kuchokera ku thanki. Choncho paipi yong'aluka siyichucha, imangoyamwa mpweya, pansi pa galimoto n'kukhala pouma. Ndiye musanene kuti mapaipi ali bwino chifukwa simukuona dontho. Mapaipi a labala a zaka pafupifupi 30 amauma, ndipo akazulidwa pokonza hedi sabwereranso mothina.

M'mawa musanalize, dinani kapampu kamanja kamene kali pamwamba pa fyuluta. Kakakhala kofewa, n'kulimba mutadina kakhumi kapena kuposa, ndipo injini n'kulira msanga pambuyo pake, dziwani kuti dizilo akubwerera ku thanki usiku. Kenako ikani paipi yoonekera m'kati pakati pa fyuluta ndi pampu, muone ngati mukudutsa thovu mukaponda moto. Yeso lomaliza ndi la chigubu: malita 5 a dizilo woyera, paipi imodzi yolunjika ku pampu, yobweza mafuta ibwerere m'chigubu momwemo. Ikasintha khalidwe, vuto lili kuyambira pa fyuluta kubwerera ku thanki. Malo okayikitsa ndi kalabala ka kapampu kamanja, ndi O-ring wa chipangizo chochenjeza za madzi chimene chimamangidwa kunsi kwa fyuluta. Masulaninso kampopi kakunsiko muone ngati mukutuluka madzi, makamaka ngati galimoto inamwapo dizilo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta.

Popeza pampu inachotsedwa, yang'anani bawuti ya paipi yobweza mafuta. Pamutu pake palembedwa OUT, ndipo ili ndi kabowo kakang'ono kwambiri kamene kamasunga mphamvu ya mafuta m'kati mwa pampu. Mphamvu imeneyo ndi imene imafulumizitsa timing injini ikamathamanga. Pakaikidwa bawuti wamba, galimoto imalira bwinobwino ili poima koma pa mtunda imafooka.

Za ma glow plug: chotsani kachitsulo kowalumikiza, yezani iliyonse payokha ndi mita. Yamoyo imaonetsa pafupifupi ohm imodzi kapena kucheperapo, yakufa siionetsa kanthu. Onaninso kuti moto ukufika pa kachitsuloko mukatembenuza kiyi. Koma ma plug angafotokoze za m'mawa wa ku Dedza zokha, za mtunda ayi.

LN106_Dedza:

Zikomo kwambiri nonse. Chigubu sichinasinthe kanthu, thovu palibe, bawuti ya OUT ili pamalo pake, ma glow plug onse ndi amoyo. Gudumu la pampu ndi limene linali dzino limodzi kumbuyo. Takonza, tayezanso ndi gauge, ikuwerenga 0.90. Mphamvu yabwerera ndithu ndipo utsi wachepa kwambiri. Chatsala n'chakuti ikazizira ikunjenjemerabe, utsi ukutuluka modukizadukiza. Tikamasula nati ya paipi ya silinda yachiwiri kaliridwe sikasintha kwenikweni, pamene zinazo injini imafuna kuzima.

Madala_Injiniya:

Ndiye mwatsala ndi silinda imodzi, bambo, ndipo zoikayikira ndi ziwiri zokha: nozzle kapena compression, ndiko kuti mphamvu imene pistoni imapanikizira mpweya m'silinda. Pomasula manati ajawo muziphimba ndi kansanza, dizilo wothamanga choncho amaboola khungu.

Yambani ndi mpata wa ma valve, injini itazizira. Pa 3L ya intake ndi 0.20 mpaka 0.30 mm, ya exhaust 0.40 mpaka 0.50 mm. Injiniyi ilibe sikuluwu zosinthira, imayendera ma shim, tizitsulo tophwatalala tokhala pakati pa camshaft ndi valve. Valve ikapalidwa imalowa pang'ono m'mpando mwake, tsinde lake n'kukwera, mpata n'kuchepa. Ambiri amangobwezera ma shim akale osayeza, ena amawasokoneza potsuka. Valve yothina sitsekeka bwino, compression imathawira pomwepo, ndipo ya exhaust ikayenda choncho milungu ingapo imapsa m'mphepete. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Mwachitsanzo, exhaust mwayeza 0.25 pamene mukufuna 0.45, ndiye shim yatsopano ichepe ndi 0.20 mm poyerekeza ndi imene ilipoyo. Yezani ma valve onse asanu ndi atatu, mulembe pa pepala.

Mipata ikakhala bwino, sinthanitsani nozzle yachiwiri ndi yachitatu. Vuto likasamukira ku yachitatu, nozzle ndiyo yadwala. Ipite pa makina oyezera: yakale iyenera kutseguka pakati pa 145 ndi 155 kgf/cm², kupopera ngati nkhungu, osadontha ikatseka. Pobwezera ikani mawasha atsopano pansi pa nozzle, ndipo unikani ndi tochi kuti lakale silinatsalire m'bowo, poti hedi yogula kwa wina imabwera ndi zinyalala zake. Mangani pa 64 Nm. Kumanga mopyola kumafinya thupi la nozzle mpaka singano yake kumakakamira.

Vuto likatsalira pa yachiwiri, yezani compression kudzera m'mabowo a glow plug, injini yotentha, batire yodzaza, waya wa solenoid yozimitsa mafuta mutauzula. Yathanzi imafika 32 kgf/cm², malire apansi ndi 20, ndipo silinda isasiyane ndi inzake ndi zoposa 5. Kusiyanako ndiko kofunika kwa inu. Zothira oyilo m'silinda poyesa ma ring muchite mosamala kwambiri, timadontho tochepa chabe, chifukwa pamwamba pa pistoni ya dizilo mulibe malo ndipo oyilo wambiri amapinda con rod.

Mufunsenso kuti gasiketi inaikidwayo ndi ya chilembo chanji. Zilipo B, D ndi F, ndipo kukhuthala kwake kumasankhidwa poyeza mmene mapistoni atulukira pamwamba pa block, osati potengera hedi. Yokhuthala mopyola imatsitsa masilinda onse anayi mofanana, choncho singakhale chifukwa cha yachiwiri yokha. Koma mabawuti a hedi angathe: amamangidwa 78 Nm, kenako madigiri 90, kenakonso 90, motsatira ndondomeko yoyambira pakati kupita kunja. Mukapeza yachiwiri ndi yachitatu zonse zili pansi, gasiketi ikupumira pakati pawo, ndipo hedi itsikenso galimoto isanakwerenso mtunda uja.