Kodi kochi amene anaseweretsa aganyu pa timu ya sukulu timubwezere ntchito yake?

Wofunsa, dzina labisidwa:

Akuluakulu a pagulu lino, makamaka inu aphunzitsi ndi inu amene mumayendetsa mpira wa achinyamata, ndikupempha nzeru zanu. Ndine wapampando wa komiti ya PTA pa sukulu ina ya CDSS m'chigawo chapakati, ndipo Loweruka likudzali tili ndi msonkhano wogamula ngati tibwezere ntchito kochi amene tinamuthamangitsa zaka 4 zapitazo.

Munthuyu si mphunzitsi wa boma. Ndi bambo wa pamsika wathu pomwe pano, amene anasewerapo mpira ali mnyamata, ndipo kwa zaka zambiri ankaphunzitsa ana athu madzulo popanda malipiro, kupatula ya sopo imene komiti inkamupatsa ikapezeka. Chaka chimenecho timu yathu inapambana mpikisano wa masukulu pa zoni ndi pa boma, koma pa masewero a chigawo zinaululika kuti mwa anyamata 11 amene analowa m'bwalo, atatu sanali ophunzira athu n'komwe. Anali aganyu ovekedwa maina a ana enieni a Fomu 3. Mmodzi anali wakabaza wa banja lake kale. Chimene chinamugwiritsa n'chakuti oyimbira ataitana katatu konse dzina lolembedwa pa pepala, iye anangoima n'kumayang'ana kumbali, osadziwa kuti akuitanidwa ndi iyeyo, pomwe mkazi wake anali kuseri kwa chingwe ndi mwana kumbuyo. Sukulu inayo inadandaula, tinachotsedwa mumpikisano, ndipo kochiyo tinamuuza kuti asadzapondenso pabwalo lathu.

Ndiulule kuti nkhaniyi inalowa m'nyumba mwanga. Mwana wanga anali mu Fomu 4, ndipo jezi yake ya nambala 8 ndi imene anavulidwa m'mawa wa tsikulo n'kupatsidwa mmodzi wa aganyuwo. Madzulo ndinamupeza atakhala pakhonde akusolola zingwe za nsapato zake zampira, zimene tinagula pakaunjika titagulitsa mtedza, zili zoyera chifukwa sizinaponde fumbi. Sanasewerenso mpira kuyambira pamenepo.

Tsopano kwabwera mphunzitsi wamkulu watsopano. Timu inafa, chifukwa mphunzitsi amene anapatsidwa zamasewero ali ndi makalasi ochuluka ndipo mpira sauzindikira, choncho anyamata akaweruka amathera m'nyumba za kanema. Kochi uja anachita maphunziro a ukochi a FAM, wakhala akuphunzitsa tiana kudambo popanda chodandaulitsa, ndipo mwezi watha anabwera ndi mkulu wa mpingo wake kudzapepesa ku ofesi. Makolo agawikana pakati. Kodi munthu wotere amayenera mwayi wachiwiri? Ngati amayenera, tiumange ndi malamulo otani kuti ana asadzavulalenso?

Mphunzitsi wopuma ntchito:

Bambo, muyambe mwasiyanitsa milandu, chifukwa si yonse imene ili ndi khomo lobwererapo. Akanakhala kuti anagwira mwana wa sukulu mosayenera, kapena ankamenya ana, ndikanakuuzani kuti nkhaniyo ndi ya apolisi, osati ya PTA, ndipo pamenepo palibe kupepesa kumene kungamubwezere pakati pa ana. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ndiye kuti ambiri a m'timu yanuyo ndi anthu oyenera kutetezedwa. Mlandu wa kochi wanu ndi wachinyengo, ndipo chinyengo chimatheka kuchitsekera njira ngati sukulu ili maso.

Koma ndili ndi funso limene simunaliyankhe. Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi, mndandanda wa osewera sunkachoka pasukulu popanda siginecha ndi chidindo cha ku ofesi. Kochi wodzipereka sasunga chidindo. Anadinda pepala limene linali ndi maina atatu aja ndani, ndipo iye anapatsidwa chilango chanji?

Mayi, kholo la ana a sekondale:

Ine ndikuti ayi, ndipo pepani ngati ndikumveka wouma mtima. Timati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma apa nkhuyu anadya wamkulu, zinapota ana. Mwana wanu anataya chaka chake chomaliza, ndipo ana atatu aja maina awo anawerengedwa pa mlandu wa chinyengo chimene sanachite. Nanga bwanji kupepesa kwake kukulunjika kwa mphunzitsi wamkulu watsopano, amene nthawi imeneyo kunalibe ndipo sanalakwiridwe kanthu? Amene akupepesa kwa mwini makiyi a chipinda chosungira mipira akufuna makiyiwo. Akanakhala wosweka mtima akanayamba wafunafuna anawo, pakuti zaka 4 ndi nthawi yokwanira kugogoda pa makomo angapo a m'mudzi umodzi.

Woyimbira mpira wa achinyamata:

Mayi mwanena zoona, koma tisachite ngati bambo ameneyu ndiye anayambitsa matendawa. Kubera zaka kwavuta mpaka matimu a mayiko. FIFA inayamba kujambula mikono ya osewera ndi makina a MRI pa mpikisano wa dziko lonse wa anyamata osaposa zaka 17 mu 2009 ku Nigeria. Madokotala amayang'ana fupa la pamfundo ya dzanja, ndipo likakhala kuti latsekeka kotheratu pamalo pamene limakulira, wosewerayo amatengedwa kuti wapitirira msinkhu. Mu 2020, pa mpikisano wa COSAFA, wa mayiko a kumwera kwa Africa, wa msinkhu womwewo ku South Africa, matimu a Zimbabwe, Botswana, Eswatini ndi Comoros anachotsedwa chifukwa cha kuyeza kumeneku. Ku Cameroon, Samuel Eto'o, amene ankatsogolera bungwe la mpira la dzikolo, atalamula kuti timu yawo ya msinkhu womwewu iyezedwe isanapite ku mpikisano wa kumayambiriro a 2023, osewera 21 mwa 30 analephera. Ngati mabungwe okhala ndi maofesi ndi madokotala amagwa nazo, kochi wa ya sopo amene mudzi wonse ukumufuulira kuti abweretse chikho amagwa msanga.

Sukulu ya CDSS singakwanitse MRI, ndipo siifunikiranso. Muli ndi kaundula wa olembetsa sukulu, muli ndi maina a amene MANEB inawalembetsa mayeso a PSLCE ndi JCE, muli ndi mabuku a kusikelo, ndipo amene afika zaka 16 angathe kukhala ndi chiphaso cha unzika cha NRB. Mukaika pamodzi zimenezi, waganyu salowa. Muchenjere pa malo awiri. Pali ophunzira enieni amene ndi aakulu chifukwa anayamba mochedwa kapena anabwereza, ndipo amenewa sanalakwe, kungoti mpikisano ukakhala ndi malire a zaka sayenera kulembedwa. Palinso njira ya sukulu ya masana ija timaitcha open, imene makochi ochenjera amalembetserako mnyamata sabata ya masewero yokha. Funsani a MASSA, bungwe loyendetsa masewero a m'masukulu, a m'boma lanu kuti malamulo a mpikisano umene mukufuna kulowa akuti chiyani pa zimenezi, ndiponso ngati chilango cha sukulu yanu ndi cha kochiyo chinatha kumbali yawo.

Langizo langa ndi lakuti abwerere kudzaphunzitsa mpira kokha. Kusankha ndi kulemba maina kukhale m'manja mwa mphunzitsi wa zamasewero ndi kholo limodzi, mndandanda uzimatidwa pa bolodi masiku atatu masewero asanachitike kuti ana auone okha, ndipo ndalama za ulendo asazigwire.

M'Malawi wokhala ku Harare:

Kuno tinaona zofanana nazo pa mpira wa akuluakulu. Kochi Sunday Chidzambwa analetsedwa ndi ZIFA, bungwe la mpira la ku Zimbabwe, mu 2012 kuti asadzachitenso zampira moyo wake wonse, pa nkhani ya kugulitsa masewero imene inatchuka ndi dzina la Asiagate. Chiletsocho chinadzachotsedwa, anabwerera ku timu ya dziko, ndipo anatenga chikho cha COSAFA mu 2017 ndi mu 2018. Akanati amusiye kunja mpaka kalekale, Zimbabwe ikanataya mphunzitsi waluso.

Mayi, kholo la ana a sekondale:

Achimwene a ku Harare, chikho chimasonyeza kuti munthu amadziwa mpira, ndipo zimenezo palibe akuzikana ngakhale pa kochi wa bambowa. Kupambana ndi kumene kunawagwetsa m'dzenje poyamba paja. Komanso osewera a timu ya dziko ndi akuluakulu amene angathe kukana, pomwe mwana wa Fomu 2 akauzidwa kuti vula jezi amavula, ndipo amaphunzira kuti umu ndi mmene zinthu zimayendera m'dziko.

Wofunsa, dzina labisidwa:

Zikomo nonse. Funso la aphunzitsi athu opuma landisowetsa tulo, ndipo sindilizemba. Pepala lija linadindidwa ku ofesi, ndipo amene anadinda anasamutsidwa patapita nthawi, monga aphunzitsi amasamutsidwira, popanda wowafunsa kanthu. Choposa pamenepo n'chakuti ine ndemwe ndinakwera lole imene inanyamula timu tsiku limenelo. Wakabaza uja ndinamuona atakhala pamwamba pa thumba la mipira, ndinamuzindikira, pakuti wandinyamulapo kangapo kupita kuchigayo, koma ndinadziuza kuti mwina wangobwera kudzachemerera. Sindinafunse, chifukwa nanenso chikho ndinkachifuna. Sindinadziwe kuti jezi imene akavale ndi ya mwana wanga. Zitavuta, tonse tinaloza munthu mmodzi amene analibe nambala ya ntchito ya boma kapena mpando womuteteza.

Ndiye pano ndikuopa mbali zonse ziwiri. Ndikamukana, mwina ndikubisa kulakwa kwanga kuseri kwa iye. Ndikamuvomera, mwina ndikudzikhululukira ndekha pogwiritsa ntchito ana a anthu ena.

Mphunzitsi wopuma ntchito:

Ngati zili choncho, bambo, Loweruka musakhale pampando pa mutu umenewu. Mupatseni wachiwiri wanu, inu mukhale pansi ndi makolo anzanu, ndipo zimene mwatiuza panozi mukazinene pamaso pawo musanaponye voti. Mukatero, malamulo amene a oyimbira atchulawa adzamanga komiti yonse ndi ofesi, osati kochi yekha. Ndingawonjezere kuti mumupatse teremu imodzi yoyesera, ali wothandizira mphunzitsi wa zamasewero, ndipo zonse zilembedwe m'maminitsi kuti mphunzitsi wamkulu wina akadzabwera adzazipeze. Koma mfundo ya mayi aja isadumphidwe. Ana amene analakwiridwa afunsidwe kaye, kuyambira wanuyo.

Wofunsa, dzina labisidwa:

Mwana wangayo ndamuimbira usiku wathawu, pakuti pano amagwira ntchito ku Lilongwe. Ndamuuzanso za lole ija, zimene ndinali ndisanamuuzepo, ndipo anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti foni yaduka. Kenaka anati iye saletsa kuti kochiyo abwerere, chifukwa mpira anauphunzira kwa iyeyo, koma kupepesako kuchitikire pa asembule ana onse ali pomwepo, osati mu ofesi, ndipo kochiyo atchule yekha maina a anyamata atatu amene anavulidwa majezi ndi atatu amene maina awo anabwerekedwa. Anawonjeza kuti nanenso ndidzaime pambali pake. Mwa anyamata enawo, awiri ali m'mudzi momuno ndipo ndikawaona mawa, koma mmodzi anapita ku Joni ndipo nambala yake ndikuifufuzabe kwa amalume ake. Ngati sapezeka pofika Loweruka, kodi tipitirize kugamula, kapena ndipemphe kuti mutuwu udikire msonkhano wa mwezi wamawa?