Kodi nyanga ya nsatsi inali chiyani, ndipo imafotera ndani?

Mdzukulu wa ku Ntcheu:
Ndikupempha akuluakulu odziwa miyambi kuti mundithandize. Sabata yatha kwathu tinakhalirana pansi pa nkhani ya mphwanga amene akufuna kugulitsa ng'ombe ziwiri zimene anasiyiridwa, kuti apeze ndalama zopitira ku Johannesburg. Atakana malangizo onse, ine ndinati, "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha." Azakhali anandidula pomwepo, nanena kuti mwambiwo umatha ndi mawu akuti "imufotere m'manja," ndipo kuti mawu akuti "yekha" ali ndi nkhanza imene makolo sanaikemo. Kodi nyanga imeneyi inali chiyani, ndipo zotsatira zake zimagwera mwana yekhayo kapena zimakhudzanso wosemayo?

Mayi wa ku Nkhotakota:
Mwandikumbutsa agogo anga aakazi, amene anali ndi nsatsi zambiri kuseri kwa nkhokwe. Ankakazinga njere zake m'phale, kuzisinja mu mtondo, kenako kuziwiritsa mpaka mafuta atayandama pamwamba, ndipo mafuta amenewo ndi amene ankatidzoza m'miyendo ikasweka nthawi yozizira. Ife ana tinkathyola mapesi ake, amene ali ndi mphako m'kati, n'kumawaomba ngati lipenga. Ukaomba m'mawa linkalira bwino, koma pofika masana dzuwa litakwera linkakhala litalefuka, osatulutsanso mawu. Agogo ankanena mwambiwu akutiyang'ana tikulirira mapesi athu ofotawo, ndipo iwo ankati "m'manja," monga azakhali anuwo.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Mayi, kukumbukira kwanu n'kwabwino, koma ine ndikuona kuti nyanga ya pamwambiwu si choimbira cha ana. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti mawu akuti nyanga amatanthauzanso nyanga ya mankhwala, ndipo mafuta amene ankathira mu nsupa ndi m'nyanga zoterozo anali a nsatsi. Choncho mwana wolirira nyanga ya nsatsi ndi munthu amene akufuna mphamvu zimene sangathe kusunga zizimba zake. Chilango chake n'chachikulu kuposa kufota kwa phesi.

Bambo wa ku Chipata:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mawu akuti "msemere" akukutsutsani. Mafuta sasemedwa. Chimene chimasemedwa ndi mtengo, ndipo nsatsi ndi mtengo wosalimba umene mmisiri aliyense sangaulole pansi pa kasemasema wake. Agogo anga aamuna anali ndi nyanga yeniyeni ya nyama imene ankaiomba poitana anthu kokasaka, ndipo ankati mwana akaona nyanga yotero amafuna yake msanga, osadikira kuti akule akaphe nyama. Wamkulu amadziwa kuti nyanga ya nsatsi sigona, koma amasemabe, chifukwa mawu alephera ndipo chatsala n'chakuti mwanayo aone ndi maso ake.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Nyanga ya mankhwala nayonso imasemedwa pakamwa pake kuti chotsekera chikwane. Ndiponso ndifunse: kodi makolo akanataya mwambi wathunthu pa choseweretsa chimene mwana angathyole china mawa lake? Mwambiwu umanenedwa pa ukwati wokanizidwa ndi pa ulendo woopsa, zinthu zimene munthu sabwererako momwe analili.

Mlongo wanu wa ku Zomba:
Ine chimene chandigwira mtima ndi kachidutswa kakang'ono ka m'mawu akuti "imufotere." Makolo sanati "ifote" ayi. Chinthu chikafota chimangofota pachokha, koma chikakufotera ndiye kuti kufotako kwabwera pa iwe, monga timanenera kuti mvula yandigwera kapena mwana wandidwalira. Mawu akuti "zotsatira" anapangidwanso chimodzimodzi: pali kutsata, kumene ndi kuyenda m'mapazi a chinthu monga mlenje atsata nyama, ndiye pali kutsatira, kubwera pambuyo pake. Zotsatira ndi zinthu zimene zikukulondola m'mbuyo ngakhale iwe usakuziona. Agogo anga sankanena kawirikawiri mawu akuti zotsatira. Iwo ankati "mapeto ake," kapena ankangoti "chidzakupeza," ndipo akafuna kutsindika ankawonjezera kuti mlandu suola. Pa funso la mdzukulu wa ku Ntcheu, ndikuona kuti azakhali akunena zoona. Mawu akuti "m'manja" akusonyeza kuti mwanayo akadali pabwalo pomwepo, wosemayo akumuona, ndipo nyangayo ikafota pali womutonthoza. Mawu akuti "yekha" akumuchotsa pakati pa abale.

Mayi wa ku Nkhotakota:
Mwanena bwino, achemwali. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ana a masiku ano mawu akuti zotsatira amawadziwa pa zinthu zitatu zokha: mayeso a MANEB, mpira ndi chisankho. Kwa iwo zotsatira ndi zimene amaziwerenga pa wailesi, osati zimene munthu amadzikokera ndi khalidwe lake. Mdzukulu wanga ndinamufunsa ngati akuidziwa nsatsi, ndipo anandiyankha kuti mwina ndi dzina la nsomba, pamene mtengowo wamera pa dzala kuseri kwa nyumba imene amagonamo.

Bambo wa ku Chipata:
Kunonso n'chimodzimodzi. Mnzawo akalakwitsa amangoti "zake zimenezo," n'kutembenuka. Mawu amenewo ndi amene alowa m'malo mwa mwambiwu, ndipo mulibemo wosema, mulibemo woyang'anira, muli kusamba m'manja kokha.

Wophunzira wa ku Lilongwe:
Makolo anga, mutilole nafenso tiyankhepo. Ife sitinakane miyambi, koma amene akanatiuza ndi inu, ndipo ambiri mwa inu mumatilankhula Chingerezi kunyumba kuti tikhoze kusukulu. Komanso mwambiwu ine umandivuta pa chifukwa china. Phesi likafota mwana amalira n'kuiwala, koma mtsikana akalirira ukwati ali ndi zaka 15, kodi tingamusemere? Malamulo a dziko lino anakhazikitsa zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inachotsa mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wosafika msinkhuwo. Pali nyanga zina zimene wamkulu ayenera kukana kusema.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Mwana wanga, wanena zimene ndakhala ndikunena kuyambira pachiyambi. Ngati nyangayo ikanakhala phesi chabe, funso lako silikanakhalapo. Limabwera chifukwa nyangayo ndi yoopsa, ndipo wosema amadziwa kuti ikafota idzapweteka banja lonse. Bambo a ku Chipata sanatiuzebe chifukwa chimene makolo anasankhira nsatsi, pamene bango nalonso lili ndi mphako ndipo ana amaliomba.

Bambo wa ku Chipata:
Bango likauma limalirabe, aphunzitsi, ndipo ndi chifukwa chake amapangira zitoliro. Nsatsi ndi imene imafota. Koma ndikufuna kumva kwa a ku Nsanje ndi ku Chikwawa ngati kumeneko amati "m'manja" kapena "kumanja," chifukwa mawu achiwiriwa ndinawamvaponso.