Kasitomala wada masaya atapangidwa peel, chinkhoswe chatsala masabata atatu

Wa saluni ku Area 25: Asisi ndithandizeni mutu wanga sukugwira. Loweruka lapitali ndinamupanga mtsikana wina peel ya glycolic 30%, asidi wopaka pankhope kuti khungu lapamwamba lisendeke, amafuna zipsera za ziphuphu zichepe chinkhoswe chisanafike. Lero wanditumizira chithunzi, masaya onse awiri ada bii ngati anatsamira mbaula, ndipo pafupi ndi mphuno pali kachilonda kakutuluka timadzi. Akungolira pafoni, azakhali ake akuti ndibweze ndalama. Ndimubwereze peel ina kuti zakudazo zisendeke?

Anti a ku Area 47: Ayi mwana wanga usayerekeze! Zakudazo si litsiro loti usenda. Khungu lathu lakudali likapsa kapena kutupa limatulutsa melanin wambiri, amene amadetsa khungu, pamalo pomwepo, ndiye ukathiranso asidi ukungosonkhezera moto. Tandiuza kaye, unayisiya mphindi zingati ndipo unayizimitsa ndi chani?

Wa saluni ku Area 25: Mwina 6 kapena 7 anti, kunabwera wina wofuna kumasula mesh ndiye ndinatembenukira kumeneko pang'ono. Ndinangotsuka ndi madzi.

Anti a ku Area 47: Ndi pomwepo. Glycolic siyisiya yokha kugwira ntchito ngati asidi wa salicylic, imangolowabe mpaka uyizimitse ndi neutralizer, imene kwenikweni ndi soda yemweyu wa mu thelere wosungunula m'madzi. Munthu woyamba kumene ine sindipitirira mphindi 2 kapena 3, foni ili pa alamu, maso pankhope, ndikaona pena payamba kutuwa ndimazimitsa pompo. Peel siyifuna kugwira ntchito ziwiri.

Wa ma facial ku Kawale: Komanso tamufunsani amadzola chani, ine ndikukayika. Atsikana achinkhoswewa ambiri amakhala ayamba kale timafuta toyeretsa tija tosakanizasakaniza m'kabotolo kopanda dzina, muli hydroquinone, nthawi zina clobetasol yemwe ndi steroid ndipo amapepuza khungu mpaka timitsempha kumaoneka. Ukamufunsa kuti mumabulicha amakana mpaka kulumbira, ine ndimangoti ndibweretsereni zonse zimene zili pa dressing table yanu ndizione, kenako ndimayang'ana mfundo za zala, zikakhala zakuda nkhope ili mbee basi ndadziwa kale.

Wa saluni ku Area 25: Eee ndamufunsa wavomera, akuti miyezi 4 akudzola mix ina anagula kwa mnzake. Ndipo Lolemba anakwera kabaza kupita mu town masana opanda chipewa, dzuwa la Okutobala lino.

Nesi wogwiranso za khungu: Pepani asisi koma apa pali ziwiri. Zakudazo zidikira, kachilondako ayi. Kakutuluka madzi ndiye mawa lomwe akaonedwe ndi adokotala, ku chipatala cha Kamuzu Central kuli kiliniki ya khungu. Akanene chilungamo za mix ija, atenge ndi botolo lake, chifukwa ngati muli steroid kusiya mwadzidzidzi nkhope imatha kubuka ziphuphu ndi kufiira, adokotala ndi amene amuuze mosiyira. Pakali pano sopo wofatsa, Vaseline pamene pakusendeka, asakande, asasende ndi zikhadabo, scrub ayi, mandimu ayi. Pamene palibe bala azidzola sunscreen SPF 50 m'mawa uliwonse ndi kubwereza masana. Ndipo mumuuze zoona kuti mabala oterewa amatenga miyezi kuti azilale, si za masabata atatu.

Wa ma facial ku Kawale: Ine glycolic yamphamvu ndinasiyiratu pa makasitomala atsopano, ndimayamba ndi peel ya mandelic kapena ya lactic, lactic ndi ija imapezekanso mu chambiko, zimalowa pang'onopang'ono. Ndipo ndimayesa kaye kuseri kwa khutu, abwerenso pakapita masiku awiri. Peel yamphamvu ya TCA ija akugulitsa pa Facebook musayigwire nkomwe, imeneyo ndi ya madokotala.

Anti a ku Area 47: Ndalamayo bweza, usakangane ndi azakhali, mawa umuperekeze wekha kuchipatala. Bala likapola umubweretse kuno, ndili ndi mtsikana wodziwa color corrector, makeup yobisa zipsera, pachinkhoswe palibe adzaone kanthu.

Wa saluni ku Area 25: Zikomo anti, ndamuimbira tagwirizana 7 koloko pa siteji. Wa mesh uja naye sanandilipirebe mpaka pano.