Aphunzitsi a khutu lotuluka mafinya: tiwapatse hearing aid yanji?

Anaphiri: Akuluakulu anzanga oyeza makutu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi wodwala, bambo a zaka 57, aphunzitsi a Sitandade 4 cha ku Mitundu. Audiogram (zotsatira za kuyeza kamvedwe) ikuonetsa kuti khutu lamanzere limayamba kumva mawu akafika pa 60 dB, lamanja pa 70 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu). Lamanjalo ng'oma yake inabooka kalekale ndipo limatuluka mafinya mwa apo ndi apo. Mwana wawo wa ku Johannesburg wawatumizira chithunzi cha RIC, hearing aid (makina othandiza kumva) ya kasipika kolowa m'khutu, yotchaja, yolumikiza ku foni pa Bluetooth, akuti agula mwezi ukatha. Mtima wa bambowa wagwera pomwepo poti ndi kakang'ono, ana m'kalasi sakaona. Koma kunyumba kwawo kulibe magetsi. Ndiwauze chiyani?

Abanda: Achemwali, tiyambire pa mafinyawo, za makina zibwere pambuyo. Khutu lonyowa sititseka. Mukalitseka ndi mould (kotsekera koumbidwa molingana ndi khutu) mpweya sulowa, ndiye matenda aja amakula. Atumizeni kwa a ENT (madokotala a makutu, mphuno ndi mmero) ku Kamuzu Central akalitsuke ndi kuwapatsa mankhwala odonthezera. Mwayeza bone conduction, kamvedwe kodzera m'fupa kaja?

Anaphiri: Eya, ndayeza. Lamanja bone ili cha m'ma 35 dB, kusiyana ndi air (kamvedwe kodzera m'bowo la khutu) n'kwakukulu ndithu. Lamanzere palibe kusiyana, ndi mtsempha basi.

Abanda: Ndiye lamanzere ndi loyambira, lero lomwe lingathe kuvala. Koma RIC ayi. Kasipika kake kamakhala m'kati mwenimweni mwa khutu, ndipo thukuta, phula ndi fumbi la choko zimakapha msanga. Kakafa mudikira wobwera kuchokera kunja. Bola BTE ya mould, hearing aid yomwe zamagetsi zake zonse zili kuseri kwa khutu. Mould amaichotsa n'kuitsuka ndi sopo, chubu cholumikiza mould ku makina chikauma n'kusweka timasintha tokha pa mphindi zochepa.

Achisale: Madala, pa BTE ndikuvomereza, koma zotchaja musazitaye choncho. Mabatire a hearing aid ku Mitundu akawagula kuti? M'magolosale mulibe. Ndaonapo agogo ataikamo batire la wotchi, ena atangoisunga m'kabati miyezi chifukwa cha thiransipoti yobwerera mutauni. Zotchaja za masiku ano ukatchaja usiku zimagwira tsiku lonse, ndipo BTE zotchaja ziliponso. Kasola kotchajira foni kapena power bank n'kokwana.

Anangozo: Achimwene, mfundo yanu ndi yoona kwa munthu wa ku Area 25 yemwe ESCOM imamuzimira maola ochepa. Koma taganizani sabata ya mvula yamvumbi mu Januwale, dzuwa osaoneka, aphunzitsi ali ndi kalasi m'mawa. Chinanso, batire la lithium-ion la m'katimo m'mitundu yambiri mwini wake sangalisinthe. Likafooka pakatha zaka zingapo, makina onse ayenera kupita kwa opanga. Batire la saizi 13, lija la kapepala ka olenji, limatha sabata kapena awiri. Mwanayo atumize mapaketi a chaka chonse, ndi opepuka, amalowa mu envulopu. Muwaphunzitse kokha kuti kapepala kaja asamatule mpaka tsiku loligwiritsa ntchito, poti ndi zinc-air, mpweya ukangolowa layamba kutha ngakhale lili m'thumba. Akamatula adikire mphindi imodzi asanaliike, ndipo usiku azitsekula kachitseko ka batire.

Achisale: Pamenepo mwandigonjetsa, amayi. Komabe aphunzitsi pamwezi amabwera mutauni kudzatapa malipiro, ndiye ngakhale mapaketi atatha angagule konkuno.

Abanda: Funso lina loti mumufunse mwanayo: akugula kwa audiologist (katswiri woyeza makutu) kapena pa intaneti? Kuchokera mu 2022 pamene FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inalola kugulitsa ma hearing aid popanda kuyezedwa, zoterezi zadzaza paliponse, mpaka Apple inaika zothandiza kumva mu AirPods Pro 2 mu 2024. Koma zonsezo n'za akuluakulu omwe vuto lawo ndi laling'ono kapena lapakatikati, ndipo malamulo omwewo amati khutu likamatuluka mafinya munthu aonane ndi dokotala kaye. Bambo anuwa 70 dB sizingawakwane. Ndiponso ikabwera ya mtundu womwe software yake tilibe, tidzangoiyang'ana patebulo osatha kuikonza molingana ndi audiogram yawo.

Anaphiri: Nanga za phokoso? Dandaulo lawo lalikulu n'lakuti mwana wa kumbuyo akayankha funso iwo amangoona milomo, kenako kalasi yonse n'kuseka. Anandiuza maso ali pansi, zinandikhudza kwambiri.

Anangozo: Apo ndiye luso latsopano lithandiza. Sankhani ya digito yokhala ndi maikolofoni awiri, yomwe imakweza mawu ochokera komwe akuyang'ana n'kuchepetsa ochokera kumsana kwawo, ndipo muike program ya m'kalasi yoti azisintha ndi kabatani. Koma muwauze zoona: m'kalasi yodzaza, ya malata, mvula ikugwa, palibe makina angawabwezere makutu a unyamata. Ana oyankha aziimirira n'kuwayang'ana, iwonso azisendera pafupi. Za manyazi zija, aonetseni BTE ya mtundu wa khungu lawo ndi mould yoonekera m'kati, aivale adzione pagalasi. Ambiri amadabwa kuti siioneka monga ankaopera.

Abanda: Lamanja likauma n'kukhala louma kwa kanthawi, muike mould ya kabowo kolowetsa mpweya, koma muyese bwino chifukwa pa 70 dB kabowo kakakula imayamba kulira likhweru. Likakana kuuma, ndi bone ya 35 dB ija, hearing aid ya bone conduction ya pa lamba wa kumutu ingawathandize khutu lili lotsekula. Musaiwale kabotolo ka silica gel koumitsira usiku, dzinja likubwera.

Anaphiri: Zikomo nonse. Abwera Lachisanu. Nditenga impression (chikombole choumbira mould) ya khutu lamanzere, ndiwalembera kalata ya ku ENT, kenako tiimbira mwanayo pa WhatsApp bambowo ali pomwepo kuti amve okha. Ndimuuza kuti ndalama ya RIC ija agulire BTE ziwiri za batire la 13 za mtundu womwe tingathe kuukonza kuno, yotsalayo ipite ku mabatire. Achisale, machubu a mould muli nawo? Athu atsala ochepa.

Achisale: Alipo asisi. Mawa ndikudutsa cha kwanuko, ndikusiyirani paketi.