Loghain ndinamusiya wamoyo koma mtima sukukhazikika, ndinalakwitsa?

Kadzidzi_92

Abale moni nonse. Ndangomaliza Dragon Age: Origins dzulo usiku, inde ndikudziwa ndi gemu ya 2009 ambirinu munaimaliza kalekale koma ine ndaipeza pano. Amene simunafike pa Landsmeet, msonkhano waukulu wa akuluakulu a dziko, musapitirize kuwerenga chifukwa ndiulula zonse.

Nkhani yanga ndi Loghain, mkulu wa asilikali a dziko la Ferelden. Kuyambira pa Ostagar paja anabweza asilikali ake nkusiya mfumu Cailan ndi Duncan, mtsogoleri wathu, akuphedwa ndi zilombo zotchedwa ma darkspawn, ine ndinamusungira mkwiyo gemu yonse, ndimangodikira tsiku lodzamudula mutu. Anatinamizira kuti ife ma Grey Warden, gulu lolimbana ndi ma darkspawn, ndi amene tinapereka mfumu, Zevran anatumidwa kuti adzatiphe iye atavomereza, Arl Eamon anadyetsedwa poizoni kudzera mwa Jowan, zonsezi munthu mmodzi. Nde tsiku lija lafika ndamugonjetsa pamaso pa anthu onse, mkuluyo wangogwada nkuvomera kuti waluza, osalira osapempha chifundo, mwana wake Anora, mkazi wa malemu Cailan, ali pompo akuonerera. Riordan, Warden wamkulu kwa ife, nkulowererapo kuti bwanji munthuyu alowe u Warden mmalo momupha. Ndinakhala nthawi yaitali ndisanadine kanthu. Mapeto ake ndinavomera, ndipo Alistair, Warden mnzanga amene ndinayenda naye kuyambira pachiyambi anandiyang'ana ngati ndamugulitsa nkundichokera.

Funso langa ndi ili, kodi Loghain ndi mdani amene alidi ndi mfundo kapena gemuyi inangondinyengerera ndi nkhope ya nkhalamba yotopa? Ndipo mmagemu enawa inu mumasiyanitsa bwanji mdani amene ali ndi mfundo ndi amene angomupaka mbiri yachisoni kuti timumvere chifundo?

MzimuWaFade

Amwene simunalakwitse, ine ndaisewera kanayi ndipo katatu konse Loghain amakhala wamoyo. Taganizani za Ostagar bwinobwino. Pulani inali yoti moto ukayaka pamwamba pa Tower of Ishal iye alowe ndi asilikali ake cham'mbali. Koma nsanjayo inali itadzadza kale ma darkspawn, inu ndi Alistair munachedwa mukumenyana mpaka ndi ogre uja, moto unayaka nthawi itapita. Loghain ali pamalo poti akuona bwalo lonse, akuona kuti adani achuluka kuposa mmene ankawerengera, nde alowetse asilikali otsala a dziko lonse mu ng'anjo chifukwa cha mfumu imene anaiuza kale kuti isakaime kutsogolo koma siinamve? Cailan ankafuna ulemerero, ankafuna kuti adzamuimbe mu nthano. Akanafera onse pamenepo Ferelden ikanatsala yopanda wogwira lupanga.

Komanso anthu amaiwala kuti mkuluyu anakulira pansi pa ulamuliro wa Orlais, dziko loyandikana nalo limene linalanda Ferelden, anali mwana wa mlimi wamba, nkumenya nkhondo limodzi ndi Maric mpaka kuwathamangitsa, nkhondo ya pa River Dane ndi imene inamupatsa dzina. Nde Cailan, mwana wa mnzake Maric uja, akubwera nkumati tiitane asilikali a Orlais adzatithandize. Kwa inu ndi ine ndi nzeru, kwa iye ndi kutsegulira chitseko anthu omwe anawaona akuzunza kwawo zaka zambirimbiri. Ngati muli ndi DLC ya Return to Ostagar mukapeza makalata a Cailan ndi Empress Celene wa ku Orlais, komanso ya Eamon yomulangiza kuti Anora amusiye poti sakubereka. Mantha a Loghain sanali ongolota.

Nyenyezi_Tabris

Achimwene a MzimuWaFade zonse mwanenazo ndi zoona koma mwadumpha dala chinthu chimodzi, ndipo nthawi zonse anthu okonda Loghain amadumpha chomwechi. Alienage.

Ine ulendo woyamba ndinasewera ngati city elf. Gemu imayamba ku Alienage, dera lokhala ma elf mu mzinda wa Denerim, pa tsiku la ukwati wako, umadziwa Shianni, Soris, bambo ako Cyrion, Valendrian mkulu wa mudzi. Nde ukubwerera ku Denerim chakumapeto ukupeza akuti kwagwa mliri, asing'anga a ku Tevinter akulowetsa anthu mnyumba ati kukawachiza koma satulukanso. Ukulowa mkati ukupeza anthu ako ali mmakola, Caladrius, mkulu wa anthu a ku Tevinter aja, akuwatumiza ku ukapolo, ndipo chikalata chololeza zimenezi chili ndi chidindo cha Loghain. Anagulitsa anthu a dziko lake lomwe kuti apeze ndalama za nkhondo. Munthu amene pakamwa pake sipachoka mawu oti Ferelden isadzakhalenso kapolo wa wina aliyense. Nde Ferelden yo ndi ndani ngati ma elf aja sali mmenemo?

Za Ostagar titha kutsutsana mpaka kucha, mwina anaona bwino mwina ayi, gemu siinayankhe dala. Koma za Alienage palibe chifunga, panalibe ng'oma zankhondo zomusokoneza, anakhala pansi nkusaina. Ine pa Landsmeet sindinachedwe olo pang'ono, ndipo magazi aja atathovukira Anora zinandipweteka koma sindinabwerere ku sevu yakale. Mlandu suwola.

Koma a Kadzidzi mvetsani, sindikunena kuti analembedwa moipa. Kwa ine nchifukwa chake analembedwa bwino. Olemba akanafuna kutinyengerera akanachotsa nkhani ya ukapoloyo kuti atsale ngwazi yosamvetsetsedwa basi. Anaisiya dala kuti amene akufuna kumukhululukira ayambe waimeza kaye. Chimene chimandinyansa ndi osewera amene amamukonda pochita kuiwala.

Chiphaliwali

Pa funso lachiwirilo ine ndili ndi muyezo wanga. Ndimadzifunsa kuti, nditachotsa kalata yachisoni imene ndatola mu kabati yake, kodi zimene akuchitazo zikumvekabe? Tengani Ketheric Thorm wa mu Baldur's Gate 3. Mkazi wake Melodia anamwalira, kenako mwana wake Isobel, iye nkusiya mulungu wake Selûne kupita kwa mulungu wina Shar, kenako kwa winanso Myrkul amene anamuukitsira mwanayo. Zomvetsa chisoni zedi, ndipo mawu ake akamalankhula amalowa mmafupa. Koma palibe pomwe ndinaima nkuganiza kuti mwina mkuluyu akunena zoona. Anatsekera Dame Aylin zaka 100 kuti iye asamafe, dera lonse linasanduka mdima, ndipo Isobel yemweyo amene ankamulirira anamuthawa. Ndimamumvera chisoni koma alibe mlandu woti ndiuweruze, ndi bambo wosweka mtima basi.

Emet-Selch wa mu Final Fantasy XIV, Shadowbringers ya 2019 ija, ndi nkhani ina. Dziko lake linagawidwa zidutswa 14, anthu ake a ku Amaurot theka anadzipereka okha nsembe kuti Zodiark, mulungu amene anamupanga okha, apulumutse otsala, kenako theka linanso, ndipo iye wakhala zaka pafupifupi 12,000 akuyesa kulumikizanso zidutswazo kuti awabweze. Kulumikiza kulikonse kumatanthauza dziko lathunthu kufafanizika ndi anthu ake. Ndipo amakuuza maso ndi maso kuti kwa iye siiwe wamoyo weniweni, ndiwe kachidutswa chabe, choncho kukupha sakuona ngati kupha. Zoopsa. Koma kenako ukutsika pansi pa nyanja nkupeza wamanganso mzinda wake wonse kuchokera mmutu, misewu, nyumba, mithunzi ya anthu akuyendayenda akucheza ngati palibe chachitika, ndipo pamenepo ndinazindikira kuti chimene iye akuchitira anthu ake ndi chomwecho ine ndikuchitira anga, tonse tikukana kuti athu afe. Ndinamumenyabe, panalibe kuchitira mwina, koma sindinamve kuti ndapambana mkangano. Ndinangopambana ndeu.

Loghain kwa ine ali pakati. Pa Orlais ndi pa Cailan ali ndi mfundo. Pa Blight, kuukira kwakukulu kwa ma darkspawn kuja, analakwitsa kotheratu, sanakhulupirire kuti ndi yeniyeni ndipo sankadziwa kuti popanda Warden archdemon, chinjoka chowatsogolera chija, safa. Pa Alienage ndikugwirizana ndi asisi pamwambapa.

Kadzidzi_92

Asisi a Nyenyezi mwandigwira pamtima. Ine ndinasewera ngati human noble, nde mkwiyo wanga wonse unali pa Arl Howe amene anapha banja langa ku Highever, nditamupha Howe uja mtima unakhala ngati wazizira. Ku Alienage ndinadutsako ngati quest wamba, chikalata chija ndinachitenga ngati umboni wokawinira mavoti pa Landsmeet osati ngati anthu enieni agulitsidwa. Pano ndikuona kuti chifundo changa chinali chotchipa chifukwa amene anagulitsidwawo sanali anga.

Komabe chimodzi sindikubweza. Riordan atatiuza usiku uja ku Redcliffe kuti amene abaye archdemon komaliza afa nayo, ndinakana mwambo wa Morrigan woti pasafe Warden, ndipo pamwamba pa Fort Drakon Loghain anapempha yekha kuti apite ndi iye. Ndinamulola. Akanafera pa Landsmeet imfa yake ikanangokhala yokondweretsa ine ndi Alistair, apa inagula moyo wa wina. Sizikufufuta za ma elf aja ayi, koma sindingathe kunena kuti zinalibe phindu.

Nyenyezi_Tabris

Apo nde pamene timasiyana achimwene. Inu mukuti imfa yake inagula moyo, ine ndikuona kuti mwamupatsa chimene ankafuna kuyambira kale, kufa ngati ngwazi ya Ferelden kachiwiri. Anthu a mu Denerim adzakumbukira amene anapha archdemon, za makola aja adzakumbukira ndani? Ndipo mtengo wake analipira ndi Alistair, mnyamata amene Duncan anali ngati bambo ake, mwamuuza kuti amutche m'bale munthu amene anamusiya Duncan kuti afe. Ngati anathawira kunja osakhala mfumu, mukatengera sevu imeneyo mu Dragon Age II mukamupeza ku Kirkwall mu bala ya Hanged Man ali chidakwa. Kamuoneni kaye mudzandiuze.

Mukadzayambiranso sankhani city elf, mufike pa khola lija muone amene ali mkatimo, kenako mudzaime pa Landsmeet Riordan akulankhula. Mwina mudzamusiyabe wamoyo, alipo amene amatero ndipo ndimawalemekeza, koma dzanja lidzalemera mosiyana.

MzimuWaFade

Asisi pa Alienage ndagonja, ndilibe chomuikira kumbuyo ndipo ndinalakwa kusaitchula. A Kadzidzi ulendo winawo yesani kumusunga mpaka kumapeto, muvomere za Morrigan kuti asafe, ndipo musanapite kunkhondo yomaliza mupite naye ku Ostagar mumve mmene amalankhulira ataima pamalo paja, makamaka Wynne akakhala mu gulu chifukwa samunyengerera olo pang'ono. Akapulumuka amadzaonekanso mu Dragon Age: Inquisition ali Warden wamba wokalamba, akutumikira zaka zonsezo pakati pa anthu a ku Orlais omwe ankawada aja, ndipo ku Adamant gemu imakufunsanso kuti mu Fade, dziko la mizimu lija, atsale ndani, iye kapena Hawke wa mu Dragon Age II. Pamenepo ine ndinasiya Loghain.