Zikomo nonse: mwana wanga ndi galu wake womutsogolera ayamba kumvana

Miyezi itatu yapitayo ndinafunsa pano za mwana wanga wamkazi wa zaka 16 yemwe saona. Anali atangolandira galu womutsogolera, wa mtundu wa Labrador, koma galuyo ankamvera ine kuposa mwini wake, mpaka mwanayo anayamba kugwa mphwayi. Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha.

Tinatsatira malangizo a mayi uja amene anati enafe tisiye kumudyetsa, kumupesa ubweya ndi kusewera naye, zonsezo azichita mwanayo. Kunena zoona zinandivuta, chifukwa galuyo ndinali nditamuzolowera. Koma patangotha milungu iwiri anayamba kugona pafupi ndi bedi la mwanayo, ndipo akaitanidwa sayang'ananso kwa ine.

Chimene ndikufuna makolo anzanga amve ndi ichi: galu sadziwa kumene mukupita, komanso satsatira magetsi a pamsewu. Mwana ndiye amamvetsera magalimoto n'kulamula kuti awoloke. N'chifukwa chake mlangizi wake anamubwezera kaye ku ndodo yoyera kuti aloweze njira yakusukulu, kenako n'kuyamba kuyendamo ndi galu. Tsiku lina analamula kuti apite, galu n'kukana, chifukwa galimoto inkakhota mwakachetechete. Ine ndinkayenda kumbuyo kwawo, mtima unangoti phwii. Kukana koteroko amachita kuphunzitsidwa, ndipo galu akatero ayenera kuyamikiridwa, osati kukalipiridwa.

Vuto latsala ndi anzake akusukulu, amene amamusisita galuyo atavala chogwirira chake ali pantchito. Aphunzitsi alonjeza kulankhula nawo sabata ino.